Chofufutira chiikeni pansi, mayi

Mayi wina amene akukhala ku Leeds, ku England, wanditumizira imelo. Akuti anagula buku lakale lofiira lotsogolera alendo, la kampani ya Baedeker, lonena za dziko la Switzerland m'shopu ya zinthu zakale, ndipo m'mphepete mwa masamba mwadzaza zolemba za pensulo: madeti, mitengo, mizere pansi pa mayina a mahotela. Chigawo china chikusowa, chinachita kudulidwa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndifufute kuti lioneke bwino? Nanga mwiniwakeyo ankaliwonongeranji?"

Musafufute, mayi. Munthuyo sanawononge kanthu, bukulo ankaligwiritsa ntchito mmene olisindikiza ankafunira.

Mabuku otsogolera alendo a mtundu umenewu anatchuka m'zaka za m'ma 1830. John Murray wa ku London anatulutsa lake loyamba mu 1836, ndipo Karl Baedeker wa ku Koblenz, ku Germany, anayamba ake m'nyengo yomweyo. Sanali owerengera pampando kunyumba ayi. Ankakhala m'thumba la jekete, n'kumatulutsidwa pa siteshoni ya sitima, pakhomo la tchalitchi, ngakhale pokangana mtengo ndi woyendetsa ngolo. Tsono mitengo imakwera, mahotela amasintha eni. Mlendo akapeza kuti chipinda chadula kuposa zimene buku lanena, ankakhwatcha n'kulemba mtengo watsopano pambali. Ena ankangolemba deti pafupi ndi dzina la phiri kapena mudzi, ndipo mukatsata madetiwo mudzaona ulendo wonse mmene unayendera, ndi pomwe anachedwa.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti a Baedeker ankachita kupempha zimenezi. M'mawu oyamba akonzi ankauza owerenga kuti awalembere akapeza cholakwika, n'kuwonjeza kuti malisiti a ku hotela olembedwapo ndemanga za mlendo ndiwo othandiza kwambiri. Hotela yabwino ankaipatsa kanyenyezi, ndipo madandaulo akachuluka kanyenyeziko kankatha kuchoka buku likasindikizidwanso. Mabuku a Murray ankakhala ndi masamba otsatsa malonda kumapeto, koma a Baedeker ankakana, n'kumachenjezanso eni mahotela za akamberembere odzitcha nthumwi zawo pofuna ziphuphu. Choncho mawu a mlendo wamba anali ndi mphamvu ndithu.

Za chigawo chosowacho, musadabwe. Mabuku ambiri a Baedeker ankanena okha kuti munthu akhoza kudula chigawo cha dera limene akupita n'kusiya zotsalazo, kuti katundu apepuke. Wokwera mapiri anyamuliranji masamba a mizinda imene safikako?

Ngati nkhawa yanu ndi ya mtengo, ogula mabuku amenewa amayamba ayang'ana mapu opinda aja ngati onse alimo ndiponso ngati sanang'ambike. Chigawo chodulidwacho chatsitsa kale mtengo, palibe chimene mungachite. Pensulo siwadetsa nkhawa kwenikweni, pomwe kufufuta pa pepala lopyapyala chonchija kumasiya makwinya kapena bowo. Onaninso chaka chimene bukulo linasindikizidwa n'kuyerekeza ndi madeti olembedwawo, pakuti buku limodzi linkatha kuyenda maulendo angapo, nthawi zina ndi anthu osiyana, ndipo mudzazindikira pa kalembedwe. Mukapeza duwa louma kapena tikiti pakati pa masamba, ikani mu envelopu n'kulembapo nambala ya tsamba, chifukwa maluwa amathimbiriritsa pepala. Selotepi ndiye musayerekeze n'komwe.