Ma watt a pa bokosi la blender si amene amagaya

Mayi wina watilembera imelo yofunsa za blender. Kunyumba kwawo alipo anthu anayi. M'mawa uliwonse amagaya smoothie ya zipatso zoundana ndi masamba obiriwira, ndipo mwa apo ndi apo amafuna supu wosalala komanso chiponde chopanga okha. Ma blender awiri otchipa awapsera kale. Funso lawo ndi ili: "Ndayang'ana Vitamix, Blendtec ndi Ninja. Ninja yalembedwa ma watt 1000 ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi enawo. Nanga enawo akudulira chiyani? Si magetsi omwewo?"

Mayi, nambala ya pa bokosiyo ndi imene imasocheretsa anthu ambiri, choncho tiyambire pomwepo. Ma watt amanena kuchuluka kwa magetsi amene mota ikudya. Sanena kuti mwa magetsiwo ndi angati afika pa mpeni n'kugwira ntchito, poti ena amathera m'kutentha ndi m'phokoso. Makampani ena amalemba horsepower, ndipo kawirikawiri pamakhala kamawu kakuti peak. Horsepower imodzi ndi ma watt 746. Tsono tatengani Blendtec Total Classic: amailengeza kuti ndi ya 3 peak horsepower, pomwe mota yake yalembedwa ma watt 1560. Mukachulukitsa 746 katatu mupeza 2238. Masamuwo sakugwirizana chifukwa peak ndi mphamvu imene mota imangoikhudza kwa kanthawi kochepetsetsa, ngati kuphethira kwa diso, osati imene imagwira nayo ntchito. Vitamix 5200 amailemba 2 peak horsepower, ndipo yogulitsidwa ku America imakoka ma amp 11.5 pa ma volt 120, amene ndi ma watt 1380. Atatu onse mwatchulawa mphamvu ali nayo yokwanira. Amasiyana pa jagi, pa mpeni, ndi pa mmene mota imapirira ikalemedwa.

Mpeni umangogaya chimene chaufikira. Ntchito ya jagi ndi kubwezera chakudya ku mpeni mobwerezabwereza, ndipo apa m'pamene makampani atatuwa anatenga njira zosiyana. Jagi ya Vitamix 5200 ndi yaitali, ya malita pafupifupi 2, yopapatiza pansi. Mpeni ukazungulira, pakati pamachitika kamvuluvulu: zinthu zimakwera m'mbali, zimagwera pakati, zimakokedwera pansi, zimadutsanso pa mpeni. Mukasuzumira pamwamba mumaona timapiri tinayi tikugudubuka kulowa m'kadzenje ka pakati. Tsamba limodzi limadutsa pa mpeni kambirimbiri pa mphindi imodzi, n'chifukwa chake smoothie imatuluka ili myaa.

Blendtec, kampani ya ku Utah imene inatchuka ndi mavidiyo ake a pa YouTube kuyambira 2006 ogaya zinthu zosadyedwa monga mafoni, imagwiritsa ntchito mpeni wa mapiko awiri, wokhuthala, wobuntha moti mutha kuupapasa ndi chala osachekeka. Sucheka ayi, umamenya ndi liwiro. Jagi yake ndi ya ngodya, ndipo ija amaitcha WildSide ili ndi kambali kachisanu kamene kamasokoneza kamvuluvulu kuti zinthu zigwere ku mpeni msanga. Pa zamadzimadzi imasalalitsa mofanana ndi Vitamix, ndipo kutsuka kwake n'kosavuta chifukwa pansi pake ndi potakata.

Ninja yotchuka ija ndi ina ndithu. Pakati pa jagi ya malita 2.1 pamaima mzati wokhala ndi mipeni isanu ndi umodzi yakuthwa, yosanjikizana kuchokera pansi mpaka chapakati. Mipeniyo imakhapa paliponse nthawi imodzi, ndiye ayezi amasanduka ufa m'masekondi ochepa. Pa ntchito imeneyi Ninja siichepa kwa aliyense. Vuto lake ndi lakuti mzatiwo waima pamalo pamene kamvuluvulu akanadutsa, ndipo mipeni sizungulira mwaliwiro la enawo. Masamba amaduka tizidutswa koma sasungunukira m'madzi, njere za zipatso zimatsala zamphumphu. Mukafuna umboni, gayani masamba odzaza manja awiri m'madzi okwana theka la lita kwa mphindi imodzi, kenako thirani pa sefa ya mawaya. Mu Vitamix kapena Blendtec pamatsala kathovu chabe. Mu Ninja ya mzati pamatsala timabala tobiriwira tokwana supuni kapena kuposa, ndipo ana ena akangomva zimenezo pa lilime kapuyo amaikankhira kutali. China choti mudziwe: mzatiwo sunamangiriridwe, umangokhazikidwa. Mukavundukula n'kupendeketsa jagi kuti muthire, umatha kugwera pa dzanja, ndipo mipeni yake ndi yakuthwa ngati lezala. Uchotseni kaye, kapena thirani kudzera pa kakamwa ka chivundikiro chili chokhoma.

Tibwere ku chiponde, chifukwa ndi chimene chikupendeketsa yankho lathu. Zinthu zokhuthala zili ndi khalidwe limodzi loipa: mpeni umadzikumbira kaphanga ka mpweya n'kumazungulira m'menemo osakhudza kanthu. Mumamva mota ikulira mokwera, koma pamwamba pali zii, palibe chikuyenda. Vitamix imabwera ndi kamunsi kapulasitiki kotchedwa tamper, kamene kamalowa pa bowo la chivundikiro. Kali ndi kolala yoletsa kuti kasafike pa mpeni, bola chivundikiro chikhale pamalo pake, choncho mumakankhira zinthu pansi makina akuyenda. Chiponde chake chimapangidwa chonchi: mtedza wokazinga makapu atatu, pafupifupi magalamu 450, osathira madzi ngakhale dontho. Yambani pa liwiro lotsika, kwezani msanga mpaka pamapeto, tsinderani m'ngodya zonse zinayi ndi kamunsi kaja. Poyamba mumva kulira kwa makina olemedwa, kenako mafuta akatuluka kuliraku kumafewa ndipo chiponde chimayamba kuyenda chokha. Zonse zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Mtedza wauwisi sutulutsa mafuta msanga, ndipo madzi pang'ono amaumitsa chiponde kukhala ngati dongo. Blendtec imachita bwino ntchitoyi ndi jagi ina yaing'ono yotchedwa Twister, imene chivundikiro chake chili ndi timano tokokota m'mbali, koma nthawi zambiri imagulidwa payokha. Mu jagi yake yaikulu, komanso mu Ninja, muziimitsa, kupala m'mbali ndi supuni, kuyatsanso, kangapo konse, mota ikutenthera pomwepo.

Nanga awiri aja anapsa bwanji? Simunanene, koma imfa za ma blender ndi zodziwika. Yoyamba ndi kutentha kwa mota. Fani yoziziritsa mota imakhala pa tsinde la mota yomweyo, ndiye liwiro likatsika mphepo nayo imachepa. Anthu ambiri amaganiza kuti kugaya zolimba pa liwiro lotsika ndi kuchitira makina chifundo, pomwe ndiko kuwapha: mota yalemedwa, ikukoka magetsi ambiri, mphepo palibe. Mukamva fungo lopserera ngati la waya, imitsani. Makina abwino ali ndi kachida kamene kamadula magetsi kokha mota ikatenthetsa. Zikatero musaganize kuti afa. Zulani pulagi, dikirani theka la ola kapena mphindi 45, adzayakanso. Otchipa ambiri alibe chitetezo chodalirika chotere, amangopitirira mpaka mawaya a mkati atapsa.

Imfa yachiwiri ili pamene jagi imalumana ndi mota. Pamakhala kakapu ka mano kamene kamazungulitsa tsinde la mpeni. Mukamaika kapena kunyamula jagi mota isanaimiretu, manowo amalala, ndipo tsiku lina mota idzalira bwinobwino mpeni uli chiimire. Pa Vitamix kachidaka, kotchedwa drive socket, kanapangidwa dala kuti kazifa koyamba m'malo mwa mota. Kamagwidwa ndi kasikulu kamodzi ndipo munthu amasintha yekha kunyumba. Pa makina ambiri otchipa, mano akatha ndiye kuti makina onse atha, poti sipeya yake siipezeka. Ichi ndi chimodzi mwa zimene mtengo uja ukulipirira. China ndi waranti: ku America Vitamix 5200 ili ndi zaka 7, ma Vitamix a mtundu wa Ascent zaka 10, Vitamix E310 zaka 5, pomwe ma Ninja ambiri ndi chaka chimodzi. Za Blendtec zimasiyana malinga ndi mtundu, werengani pa imene mwaisankhayo.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazindikira makina atafika kale m'nyumba. Msinkhu: Vitamix 5200 ikavala jagi yake imafika pafupifupi masentimita 52, pomwe m'makhitchini ambiri mpata wa pansi pa kabati ya pakhoma ndi masentimita 45 kapena kuposa pang'ono. Yezani ndi tepi musanagule. Pa ma Vitamix ena ilipo jagi yaifupi yotakata ya malita 2 omwewo imene imakwana pansi pa kabati, koma chifukwa pansi pake ndi potakata, zinthu zochepa zimangomwazika m'mbali osaphimba mpeni. Kwa inu anthu anayi si vuto, kwa munthu wa kapu imodzi ndi vuto. Phokoso: onse atatu amasokosa, palibe wofatsa, ndipo amene ali m'tulo chipinda choyandikana adzadzuka. Kansalu kokhuthala pansi pake ndi kuisuntha kuti isagunde khoma zimachepetsako pang'ono. Chachitatu ndi magetsi, ndipo ichi chimawononga ndalama zambiri. Makina opangira America ndi Canada ndi a ma volt 120, pomwe ku Ulaya ndi m'mayiko ambiri a mu Africa magetsi ndi a ma volt 220 mpaka 240. Kachida kongosintha maonekedwe a pulagi sikasintha ma volt. Mukalumikiza makina a 120 ku magetsi a 230 amapsa nthawi yomweyo, ndipo waranti siikhudza zimenezo. Tembenuzani makinawo muwerenge kachikwangwani ka pansi pake.

Malinga ndi zimene mwalemba, Mayi, ife tikuti tengani Vitamix ya jagi ya malita 2 yokhala ndi kamunsi kake. Masamba tsiku ndi tsiku, zoundana tsiku ndi tsiku, chiponde pamwamba pake: ntchito imeneyi ndi yolemetsa, ndipo makina a kamunsi ndi kachozungulitsa ka liwiro ndi amene amaipirira popanda kugula zowonjezera. E310 mota yake ndi yabwino, koma jagi ya malita 1.4 idzakupanikizani pa anthu anayi. Blendtec ndi yabwino kwa amene amakonda kudina batani n'kuchokapo makina akadziimitsa okha, makamaka ngati zogaya zake zambiri ndi zamadzimadzi. Ninja ndi ya munthu amene ntchito yake yaikulu ndi ayezi ndi zipatso zofewa, amene timasamba tochepa pa lilime sitimuvuta. Si makina oipa, kungoti si a funso lanuli. Timakina ta kapu monga NutriBullet ya ma watt 600 kapena 900 ndi ta munthu mmodzi, ndipo sitiloledwa kuyenda kopitirira mphindi imodzi mosapumira.

Iliyonse imene mungagule, kasanjidwe ka zinthu m'jagi kadzaitalikitsira moyo. Zamadzi zikhale pansi, kenako zofewa, kenako masamba, zoundana ndi ayezi pamwamba kuti kulemera kwake kuzikankhira zinazo ku mpeni. Pa anthu anayi yambani ndi theka la lita la madzi kapena mkaka, nthochi ziwiri, masamba odzaza manja awiri ndi zipatso zoundana magalamu 350. Masekondi asanu pa liwiro lotsika, kenako pamapeto penipeni kwa masekondi 45 mpaka 60. Zikakana kuyenda onjezani madzi kotala la kapu, osati nthawi. M'timakina ta kapu ndondomekoyi imatembenuka, chifukwa kapuyo mumaigadabuza.

Za supu: makina amphamvu akazungulira pa liwiro lomaliza kwa mphindi zisanu ndi imodzi amatenthetsa zamadzi mpaka kutuluka nthunzi, chifukwa cha kukhulana chabe. Kumeneko ndi kutenthetsa, si kuphika. Anyezi wauwisi adzamvekabe uwisi wake, choncho phikani kaye pamoto. Mukamagaya zotentha kale, jagi isapitirire theka, nthunzi ikhale ndi potulukira pa chivundikiro, ndipo yambani pa liwiro lotsikitsitsa, apo ayi chivundikiro chimatumphuka supu n'kukuwaulani kumaso. M'kapu yotsekeratu ngati ya NutriBullet zotentha musaikemo n'komwe.

Kutsuka kuchitike mukangomaliza: madzi ofunda theka la jagi, dontho limodzi kapena awiri a sopo wa mbale, masekondi 30 mpaka 60 pa liwiro lalikulu, tsukuluzani. Jagi isagone m'madzi usiku wonse, chifukwa pansi pa mpeni pali bearing ya girisi, kachida kamene tsinde la mpeni limazunguliramo, ndipo madzi akalowamo imachita dzimbiri. Ikachita mbuu chifukwa cha madzi, inyikeni mkati mwake ndi kapu ya viniga ndi madzi ofunda kwa maola angapo.

Ngati thumba lakana yatsopano, Vitamix imagulitsanso makina obwezedwa amene inawakonza yokha, okhala ndi waranti yawo. Mukamagula kwa munthu wamba, tembenuzani jagi muyang'ane kunsi kwake. Zungulitsani tsinde la mpeni ndi zala: liyende mosalala koma molimbirako pang'ono. Likamagwedera, likamakhwekhwereza, kapena mukaona girisi wakuda kapena dzimbiri mozungulira, bearing yatha ndipo mudzagula mpeni wina. Kenako thirani madzi theka la jagi, yatsani, ndipo kwezani liwiro pang'onopang'ono kuchokera pa 1 mpaka 10 mukumvetsera. Kulira kwake kukwere mwandondomeko. Kukamadumphadumpha kapena kutsika kokha pakati, chozungulitsa liwiro chadyeka, ndipo mtengo utsike.