Mbuna yolanda chakudya cha zinzake

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake nsomba yanu yaimuna ya mtundu wa mbuna ikuthamangitsa zinzake m'thanki nthawi yodya. N'chibadwa chake. M'nyanja ya Malawi yaimuna imateteza mwala wake pomwe imadya ndere. Onjezani miyala yokhala ndi mapanga kuti nsombazo zisamaonane nthawi zonse, musinthenso kaikidwe kake kuti malire akale asokonekere. Yaimuna imodzi ikhale ndi zazikazi 3 kapena 4. Chakudya muzithira mbali zonse ziwiri za thanki nthawi imodzi, yankhanzayo singalondere konsekonse.

Koma chonde musazikhutitse ndi nyongolotsi. Matumbo a mbuna ndi aatali, anazolowera ndere, ndipo zakudya zanyama zikachuluka nsombazo zimatupa mimba n'kufa. Gulani chakudya chokhala ndi ndere zotchedwa spirulina. Ngati yovutayo ndi mbuna ya mtundu wa Melanochromis auratus, ipatuleni basi, imeneyo simva.