Wina sakhala pansi, wina amangoti phee: kodi onse awiri ingakhale ADHD?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, dzina sinditchula monga anandipemphera. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: ali ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 8 ali sitandade 3, mtsikana wa zaka 11 ali sitandade 5. Mnyamatayo sakhazikika, aphunzitsi atopa naye, madandaulo tsiku ndi tsiku, nde wachibale wawo wina yemwe ndi nesi anawauza kuti mwina ndi ADHD, vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu kapena kukhazikika, akamuonetse kuchipatala. Koma nesi yemweyo atakhala pakhomopo masiku angapo anati mtsikanayonso akaonedwe. Apa mpomwe mayiwa asokonekera. Akuti mtsikanayu ndi wofatsa, sanayambanepo ndi munthu, vuto lake nkuiwalaiwala basi ndi kulephera mayeso, nde vuto limodzi lingakhale bwanji mwa ana awiri osiyana chonchi, nanga awathandize bwanji, ndipo mankhwala ake alipo?

Mayi, zimatheka ndithu, ndipo m'banja limodzi mpomwe zimaonekera kwambiri chifukwa ADHD imayenda m'magazi. Ofufuza omwe akhala akutsatira mapasa m'mayiko osiyanasiyana amapeza kuti chibadwa chimatenga gawo la pakati pa 70 ndi 80 peresenti. Choncho yambani mwachotsa mumtima zoti munalera molakwika, kapena kuti ndi kudya shuga wambiri, kapena kuti wina anawachita chipongwe. Sizinabwerenso ndi mafoni ai, dokotala wa ana George Still anafotokoza kale za ana otere ku London mu 1902, TV kulibe. Wonena motsimikiza kuti ana anu ali nayo kapena ai ndi dokotala atawayeza, ine ndikupatsani zomwe ndawerenga komanso zomwe ndinaona ndi maso anga zaka zomwe ndimaphunzitsa ku pulayimale.

Chimasokoneza anthu ndi choti tikamva ADHD timangoganiza za mwana wolongolola wothamangathamanga. Koma buku lomwe madokotala ambiri amagwiritsa ntchito, DSM-5 lomwe linatuluka mu 2013, limati vutoli limaoneka mwa njira zitatu: pali yemwe vuto lake lalikulu nkulephera kuika maganizo pa chinthu, pali yemwe vuto lake nkusakhazikika ndi kuchita zinthu asanaganize, nde pali yemwe ali nazo zonse ziwiri. Mbali ziwirizi, iliyonse ili ndi zizindikiro 9, mwana amafunika akhale nazo 6, kwa miyezi yosachepera 6, zikhale zinayamba asanakwane zaka 12, ndipo zizioneka malo awiri kapena kuposa, monga kunyumba ndi kusukulu. Komanso zikhale zikumuonongeradi zinthu, osati kungokhala mwana wanthabwala kapena wamphamvu zambiri.

Ndiyambe ndi mtsikanayo chifukwa ndi amene ndikumudera nkhawa kwambiri. Mwana ngati ameneyu mumamutuma pa okala kuti akagule mchere, machesi ndi sopo, amabwera ndi sopo yekha, chenji wasiya pa kauntala, mukamufunsa amangokuyang'anani misozi ili lengelenge chifukwa nayenso sakudziwa kuti zathawa bwanji m'mutu. Ndiwo zimapserera pa mbaula iye ali pompo wakhala pa mpando, maso ali kumpanda. Tsegulani makope ake muone, deti walemba bwinobwino, mutu wa phunziro walemba, samu yoyamba ndi yachiwiri wakhoza, kenako pepala loyera mpaka pansi. Zolembera zimatayika sabata iliyonse. Ndipo chowawa nchoti kusukulu palibe amene amadandaula naye. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi athu ambiri ndi odzadza, pena ana kuposa 100 mphunzitsi mmodzi, nde mwana wongokhala phee pakona amaoneka ngati dalitso. Ine ndinali naye wotere m'kalasi mwanga, chaka chonse ndimamuyamikira kuti ndi waulemu, pa ripoti ndimangolemba kuti alimbikire, mpaka anabwereza kalasi. Zimandipwetekabe mpaka lero chifukwa sindinakhalepo naye pansi nkumufunsa kuti kodi ndikamaphunzitsa iwe umakhala uli kuti. Anyamata amapezeka ndi ADHD mowirikiza kawiri kuposa atsikana, ndipo china mwa zifukwa zake nchimenechi, atsikana ambiri vuto lawo silichita phokoso. Poyamba amamuti wofatsa, akamakula dzina limasintha, waulesi, wogona, mbuli, ndipo iye amayamba kukhulupirira.

Mwina munena kuti koma akamaluka tsitsi la anzake kapena kuonera makatuni amatha maola awiri osatembenuka. Inde, ndi mmene zimakhalira. Si kuti sangathe kuika maganizo pa chinthu, koma sangathe kuwalamula kuti akhale pomwe akufunika. Chomusangalatsa chimamugwira chokha, chosasangalatsa chimamupulumuka ngakhale atafunitsitsa bwanji.

Katswiri wina wa ku America, Russell Barkley, amakonda kufotokoza kuti ADHD si vuto losadziwa chochita koma lolephera kuchita chomwe ukudziwa pa nthawi yake, nde thandizo liyenera kuikidwa pamalo pomwe ntchitoyo ikuchitikira komanso nthawi yomweyo. Mfundo imeneyi inandisinthira zambiri. Malangizo aatali a madzulo aja, oti mwana iwe uzisamala, sagwira ntchito, chifukwa mawa ali pa okala mawu anuwo kulibe. Chomwe chingakhalepo ndi kapepala m'manja mwake kolembedwa mchere, machesi, sopo, chenji. Musamukuwire muli kukhitchini iye ali panja, pitani pafupi, mugwireni paphewa, mutchuleni dzina, nenani chinthu chimodzi, kenako abwereze zomwe mwanena. Chimodzi, akamaliza china. Homuweki muidule, masamu atatu kapena mphindi 10 mpaka 15 mutatchera alamu ya pafoni, apume pang'ono, abwerere, ndipo inu mukhale chapafupi ngakhale mukusankha nyemba osayankhula kanthu, kungokhalapo kwanuko kumamubweza akayamba kusochera. Khomani msomali umodzi pafupi ndi chitseko, chikwama chizikhala pamenepo basi, ndipo azilongedza usiku asanagone inu mukuona, osati mmawa mothamanga. Kusukulu kapempheni aphunzitsi amuike kutsogolo, kutali ndi windo ndi chitseko, ndipo akamadutsa azingogogoda pang'ono pa kope lake osamuchititsa manyazi pagulu. Chinanso, ife timakonda kumuunjikira mwana wamkazi ntchito, aone poto, aone mwana, akolope, zonse nthawi imodzi. Uyu mupatseni imodzi yoti aimalize. Ndipo muzimumvetsera mmene amadzinenera yekha, akayamba zoti ine ndine wopusa, kapena kudandaula mutu ndi m'mimba mmawa uliwonse wopita kusukulu, musazitenge mopepuka, ana otere nkhawa imawagwira msanga.

Tsopano mnyamatayo. Ameneyu aliyense amamuona. Ali pamwamba pa mtengo wa mango, wathamangira mpira pamsewu osayang'ana kuti kukubwera minibasi kapena kabaza, wayankha funso aphunzitsi asanamalize kufunsa, walanda chidole cha mnzake, walowerera akuluakulu akucheza. Chomalizachi kwathu kuno timachiwerenga ngati mwano weniweni, nde chikwapu sichichedwa, ndipo anthu oyandikana nawo amayamba kunena kuti makolo ake amamulekerera. Ndinene mosabisa, kukwapula sikuthandiza mwana ameneyu. Lamulo amalidziwa, mukamufunsa alinena bwinobwino, koma mabuleki ake amagwira mochedwa, thupi limakhala lachita kale maganizo asanafike. Mukamumenya lero mawa abwerezanso, osati chifukwa cha matama, ndipo chomwe amaphunzirapo ndi kunama ndi kubisa basi, kenako amazolowera nkukhala wosamva ululu, pamenepo nde mwamutaya.

Mphamvu zakezo simungazitseke, zipatseni njira. M'kalasi akhale iye wofufuta bolodi, wogawa makope, wotumidwa ku ofesi kukatenga choko, kuti azidzuka mololedwa asanadzuke yekha. Aphunzitsi asamulange pomuletsa kutuluka pa buleki, chifukwa akatero piriyodi yotsatirayo imakhala yoipa kuposa. Akaweruka asayambe ndi homuweki, adye, akasewere mpira, akatunge madzi, kenako nkukhala pansi, ndipo ngati akufuna kulemba ataimirira musiyeni bola akulemba. Malamulo a pakhomo akhale ochepa, atatu akwana, omveka, monga sitimenya, pamsewu timagwirana dzanja, moto sitiseweretsa. Akalakwa chilango chikhale chachifupi, cha nthawi yomweyo, chofanana tsiku lililonse, inu osakweza mawu, ndikudziwa kuti nzovuta munthu utatopa koma mukakalipa iye amakwera nanu limodzi. Chachikulu kuposa zonse ndi kumuyamikira pompopompo ndipo motchula chomwe wachita, wadikira ndimalize kuyankhula, wachita bwino. Mwana ameneyu amamva dzina lake kambirimbiri patsiku koma pafupifupi nthawi zonse pomudzudzula. Njira ina yomwe ndinaiona ikugwira ndi ya botolo ndi nyemba, akachita chomwe munagwirizana mukuponyamo nyemba imodzi iye akuona, zikakwana 10 apeze kanthu kakang'ono tsiku lomwelo kapena mawa lake, kaya kusankha ndiwo, kaya mphindi zoonjezera za mpira. Zomulonjeza njinga akakhoza kumapeto kwa chaka sizimugwira, Disembala kwa iye ndi kutali zedi. Muthanso kugula kakope kakang'ono koti aphunzitsi azichongamo zinthu ziwiri kapena zitatu tsiku lililonse, wakhala pamalo pake, wamaliza ntchito, inu madzulo nkuona ndi kuyamikira zomwe zayenda. Mukafuna asiye masewera muchenjezeni kaye kuti kwatsala mphindi 5, kumudula mwadzidzidzi ndi komwe kumabweretsa kulira ndi kugubuduka. Ndipo tulo, agone nthawi imodzimodzi, foni ndi TV zizimitsidwe kusanade kwambiri, mwana wosagona mokwanira zizindikiro zake zimawirikiza.

Musadabwe dokotala akanena kuti mnyamatayo ali nazo mbali zonse ziwiri, ambiri ofika kuchipatala amakhala otero, kungoti phokoso limaphimba kuiwalako. Zikatero zomwe ndanena za mlongo wakezo zimukhudzanso. Maonekedwewa amasinthanso munthu akamakula, kuthamangathamanga kumachepa nkulowa mkati, munthu amangomva kusakhazikika mumtima, koma kuiwala, kuchedwa ndi kuyamba zinthu osamaliza kumatsala. Pa ana 100 alionse pafupifupi 5 amakhala ndi ADHD, pa akuluakulu ndi 2 kapena 3. Nde mukamawerenga izi nkumaona ngati ndikunena inu kapena bambo awo, si zachilendo, ndipo alamu, kapepala ndi msomali uja zithandiza nyumba yonse.

Koma musanamate dzina pa mwana, pali zina zofanana ndi ADHD zoyenera kuyezedwa kaye. Makutu, makamaka ngati ankatuluka mafinya ali wamng'ono, maso, kuchepa kwa magazi, njala, mwana wopita kusukulu osadya kanthu sangamvetsere ngakhale atakhala wanzeru bwanji. Kwa mtsikanayo ndikufuna muonetsetse chinthu chimodzi: pali mtundu wina wa khunyu womwe mwana sagwa pansi, amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali gwa, kenako nkupitiriza ngati palibe chachitika. Wolota masana mukamugwira paphewa amadzidzimuka nkukuyang'anani, wa khunyu yotereyi sayankha mpaka idutse. Imeneyo ili ndi mankhwala ake osiyana. Muwauzenso adokotala ngati mmodzi mwa anawa anadwalapo malungo aakulu aja okomoka nawo, kafukufuku yemwe anachitika ku Queens ku Blantyre nkusindikizidwa mu 2010 anapeza kuti ana ena opulumuka malungo a mu ubongo amadzakhala ndi khunyu kapena khalidwe lovuta pambuyo pake. Ndipo ngati kusinthaku kunabwera mwadzidzidzi, mwana anali bwinobwino kenako wasintha, ganizirani za maliro, mikangano pakhomo, kapena wina amene akumuzunza, ADHD siyamba lero ndi lero.

Koyambira ndi chipatala chomwe muli nacho pafupi, mufunse za kiliniki ya ana kapena ya zamaganizo, akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central. A Saint John of God ali ku Lilongwe konko komanso ku Mzuzu ndipo amagwira ntchito ya zamaganizo. Mawu oti zamaganizo asakuopseni, sizikutanthauza misala. Kusukulu funsani ahedi ngati m'zoni yanu muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, ambiri mwa iwo anaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu.

Za mankhwala munafunsanso. Odziwika kwambiri ndi methylphenidate, ambiri amawadziwa kuti Ritalin, ndipo mankhwala a gulu limeneli si atsopano, dokotala Charles Bradley anayamba kuona mphamvu yake pa ana mu 1937. Amathandiza ana ambiri, pafupifupi 7 mwa 10, koma sachiza, amagwira maola angapo nkutha, ndipo ena amawachepetsera chilakolako cha chakudya kapena kuwasowetsa tulo, nchifukwa chake dokotala amayenera kumayeza sikelo ndi kutalika kwa mwana. Kwa ana osakwana zaka 6 madokotala amayamba ndi kuphunzitsa makolo njira ngati zomwe ndafotokozazi. Chonde musatumitse mapiritsi kwa achibale a ku Joni kapena kugawana ndi mwana wa mnzanu, ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala yekha.

Tsiku lopita kuchipatalalo ndikudziwa chomwe chingachitike, ndalama ya thiransipoti ikachepa mudzatenga mnyamatayo poti ndi amene akuvuta, mtsikanayo nkutsala kuti aphike. Ngati nkotheka dikirani mpaka ikwane ya onse awiri. Mutenge mabuku awo a kuchipatala, malipoti a sukulu a zaka zapitazi, kalata yaifupi yochokera kwa aphunzitsi a aliyense, ndi makope a masamu a mtsikanayo a teremu yathayi, makamaka aja ali ndi masamba osamaliza.