Kukaoda ku Jaipur, ndi za mwana wanu uja

Achemwali, mwafunsa ziwiri: momwe ndimaodera katundu ku India, ndiponso ngati n'kwabwino kumusiyitsa sukulu mwana wanu wamkazi, yemwe ali Fomu 3, kuti muziyendera limodzi pa geniyi.

Ndege ndimakwerera ku Lilongwe, kusintha ku Addis Ababa, kukatsikira ku Delhi, kenako sitima ya pamtunda mpaka ku Jaipur, m'chigawo cha Rajasthan. Viza ndimafunsira pa intaneti ndisananyamuke. Chimene chimasautsa kwenikweni ndi madola, ndiye kubanki muziyambako msanga. Nsalu zodinda pamanja zimachokera ku Sanganer ndi ku Bagru, madera a kufupi ndi Jaipur, ndolo ndi mikanda ku msika wa Johari Bazaar mu Jaipur momwemo. Mtengo woyamba musavomere, nenererani. Invoisi isungeni ngati mwana wakhanda, chifukwa a MRA pobwera amayambira pamenepo powerengera msonkho.

Mbale ndi miphika ya maluwa yabuluu imene munaiona kushopu ija musayambire. Si yadongo ayi. Amaiumba ndi ufa wa mwala wa quartz, galasi lopera ndi zomatira, motero imasweka msanga, komanso imadya makilogalamu pandege. Mpamba ukakhala wochepa, nsalu ndiye zabwino.

Ziwiya zimenezi ndi zimene zinandidziwitsa dzina la Gayatri Devi. Luso loziumba linatsala pang'ono kutheratu, koma m'zaka za m'ma 1960 mmisiri Kripal Singh Shekhawat analidzutsanso, ndipo mmodzi mwa amene anamugwira dzanja anali mayi ameneyu. Anabadwira ku London mu 1919, mwana wa mfumu ya ku Cooch Behar, n'kukwatiwa ndi Sawai Man Singh II, mfumu ya Jaipur, mu 1940. Atafika kumeneko anapeza akazi a m'mabanja a mafumu ndi nduna akubindikiritsidwa m'nyumba, osaloledwa kuonekera kwa amuna akunja, mwambo umene amautcha purdah. Iye sanayambe ndi kulimbana ndi akuluakulu. Anapempha ana awo aakazi. Mu 1943 anatsegula sukulu ya Maharani Gayatri Devi Girls' School ndi atsikana 24 okha, ndipo mpaka lero ikuphunzitsa. Pamenepa ine ndimamugomera: munthu wosasowa kanthu, woti akanangokhala kunyumba yachifumu, koma n'kumavutikira ana a eni. Mu 1962 anapambana mpando wa phungu wa Jaipur ndi mavoti ochuluka zedi, mu 1975 boma la Indira Gandhi linamutsekera m'ndende ya Tihar kwa miyezi ingapo, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 90.

Tsono za mwana wanuyo, ine ndikukana. Geni ino njamapepala. Mtengo umauzidwa m'marupi, iwe n'kuutembenuzira ku madola, kenako ku kwacha, kuphatikizapo ndege, malo ogona ndi msonkho, zonsezi wogulitsa ataima pamenepo kudikira yankho. Kukambirana kwake n'kwa m'Chingerezi. Amene satha kuwerenga invoisi ndi fomu ya kasitomu amangodalira ejenti, ndipo ndaonapo amayi anzathu akulipira kawiri chinthu chimodzi, ena kusayina pepala lolembedwa katundu yemwe sanagule.

Mulekeni alembe mayeso a Fomu 4. Pa tchuthi azibwera kushopu kwanga, ndizimuonetsa kalembedwe ka buku la zolowa ndi zotuluka. Inuyo konzani pasipoti, ulendo woyamba tidzapitire limodzi, tikayambire ku Sanganer.