Musalipire musanajambule chinthu chimene chili patali

Achimwene, mwationetsa kamera ya Nikon D3200 imene munthu wina akugulitsa. Ngati cholinga chanu ndi kuikapo malenzi akale a M42, amene amamangidwa pa kamera mochita kupotokola ngati sikulu, musaigule, ngakhale mwiniwake atatsitsa mtengo chotani. Ine ndinagwa m'mbuna yomweyi, ndipo mpaka lero amalume anga akaona kamera m'manja mwanga amangopukusa mutu.

Ndinagula D3200 kwa munthu wina wogulitsa katundu pa Facebook, pamodzi ndi lenzi ya Helios 44-2 ya 58mm f/2, ya mtundu wa M42 yopangidwa ku Soviet Union, komanso adaputa yopyapyala yachitsulo yolumikizira lenziyo ku kamera. Tinakumana pa malo ena odyera ku Lilongwe. Iye anandiuza kuti ndijambule botolo limene linali patebulo, kenako wotchi yake yapamkono, kenako nkhope yake. Zithunzi zinatuluka zokongola, kumbuyo kukuzungulira ngati kamvuluvulu monga momwe Helios imadziwikira, ndipo ndinalipira ndalama zonse pomwepo. Sindinazindikire kuti chilichonse chimene anandisankhira chinali pafupi, chongofikira ndi mkono.

Loweruka lotsatira kunali chinkhoswe cha mchemwali wanga kumudzi ku Dedza, ndipo amalume anali atauza kale abale kuti asavutike kulemba ganyu wojambula popeza mwana wawo wagula kamera yaikulu. Atsikana ofundidwa zitenje atayamba kutuluka m'nyumba, ine ndinali nditaima pafupi ndi mtengo wa mango, mwina mamita khumi kuchokera pabwalo. Ndinapotokola lenzi mpaka inafika pamapeto, koma anthu onse ankaoneka mbuu ngati ndikuwaonera pa galasi lopaka mafuta. Ndinaipotokolera kwina, zinthu zinangoipiraipira. Ndinasendera kutsogolo, ndinaponda mphasa ya akuchimuna, amayi ena anayamba kukuwa kuti ndikuwatchinga, thukuta likutsikira m'maso, ndipo pamene mkwati weniweni ankavundukulidwa, nthungululu zili pakamwa, ine ndinali ndikulimbanabe ndi chitsulo. Kuwonjezera apo, D3200 siyeza kuwala ikakhala ndi lenzi yopanda zamagetsi, choncho ndinkangolota manambala, zithunzi zina n'kuyera mbee, zina n'kuda bii. Pa tsiku lonselo zithunzi zooneka bwino zinali ziwiri zokha: mutu wa tambala amene ankhoswe ankapatsana, ndi dzanja la munthu wina likuponya ndalama m'lichero pa perekaniperekani. Zithunzi zimene banja likusunga lero anajambula ndi mwana wa sitandade 7 pa foni ya amayi ake.

Chifukwa chake ndinadzachimvetsa mochedwa. Lenzi iliyonse inapangidwa kuti ikhale pa mtunda wake kuchokera pa sensa, kachipangizo kam'kati mwa kamera kamene kamalandira chithunzi. Pa M42 mtundawo ndi mamilimita 45.46, pamene pa Nikon F, polumikizira lenzi pa makamera ngati D3200, ndi 46.5, kutanthauza kuti lenziyo imakhala itatalikira kale musanaikepo n'komwe adaputa, ndipo adaputayo imawonjezeranso makulidwe ake. Zikatero lenzi imangoona zapafupi, zakutali ayi. Alipo maadaputa okhala ndi kagalasi kokonza vutoli, koma otchipa ambiri amafewetsa chithunzi, moti ubwino umene munagulira lenziyo umatha. Canon EF ili pa 44, n'chifukwa chake imalandira M42 popanda kagalasi, ngakhale imakana malenzi akale a Canon FD amene ali pa 42. Makamera opanda kalilole m'kati, amene timawatcha mirrorless, ndiwo alibe nkhani, chifukwa Sony E ili pa 18 ndipo Fujifilm X ili pa 17.7, choncho malo oikapo adaputa ndi ochuluka.

Munthu uja ankadziwa zonsezi, ndipo n'chifukwa chake anandiitanira m'nyumba m'malo moima panja pamene ndikanaloza galimoto zapamsewu. Nditamuimbira Lolemba anandiyankha mwachipongwe kuti vuto ndine, ndikaphunzire kaye kujambula, ndipo madzulo ake anali atanditseka kale pa WhatsApp. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nditawalitsa tochi ya foni m'kati mwa lenziyo ndinapezamonso nkhungu yoyanga ngati ukonde wa kangaude m'mbali mwa galasi lakumbuyo, pamene iye analumbira kuti ankaisunga bwino. Anthu otere amadyera pa changu chathu ife ongoyamba kumene.

Ngati mungathe, funani Sony A6000 ya 2014, imene imapaka mtundu m'mbali mwa chinthu chimene chalunjika bwino, zimene zimathandiza kwambiri popotokola ndi dzanja. Dziwani kuti pa sensa yake yaing'ono 58mm imaona ngati 87mm, choncho m'chipinda chopanikizana mudzasowa kobwerera. Sony A7 II ili ndi sensa yaikulu ndiponso imachepetsa kunjenjemera kwa manja pa lenzi iliyonse, koma batire lake la NP-FW50 silichedwa kutha, ndiye mugule awiri kapena atatu. Pokumana ndi wogulitsa tulukani panja, mulunjike nyumba kapena phiri lakutali, kenako mujambule thambo kapena khoma loyera pa f/16, ndiye kuti kabowo kolowera kuwala katachepetsedwa kwambiri, kuti madontho a pa sensa aonekere. Funsani kuti shata, kachitseko kamene kamatseguka pojambula, yawomba kangati, walitsani tochi m'lenzi, ndipo mutembenuze mphete ya kuwala kuti muone ngati timasamba tam'kati tilibe mafuta. Nyengo ya mvula musatsekere malenzi m'chikwama, asungeni m'chidebe chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silica gel.

Komabe Helios yomweyo ndikadali nayo, nkhungu yake siioneka pa zithunzi, ndipo ndi imene ndimajambulira ana anga. A6000 imene ndaiikapo ndinagulanso pa Facebook kwa munthu wa ku Johannesburg amene sindinamuonepo n'komwe, inabwera pa basi itakulungidwa m'thaulo, ndipo ilibe vuto lililonse. D3200 ija nayonso si yoipa mukaipatsa lenzi yakeyake ngati 35mm f/1.8 DX, moti mwiniwakeyo akatsitsa mtengo kwambiri, itengeni, koma za M42 muiwale.