Musamulande foni, yambani mwakhala naye pansi

Mayi, musamulande foni mwana wanuyo ngakhale akuika pa Facebook ndi pa TikTok chilichonse chimene wachita. Khalani naye pansi mugwirizane zimene sayenera kuonetsa anthu, monga pakhomo panu, yunifolomu ya sukulu yake ndi komwe ali pa nthawiyo, komanso kuti usiku foniyo izigona kuchipinda kwanu.

Ine ndinalandapo foni ya mwana wa achemwali anga kuno ku Mchinji, koma iye anayamba kubwereka ya anzake akapita kumsika kwa Kamwendo, moti sindinkadziwanso zimene akuika, ndipo kunena zoona ndinaluza ndine. Chimene chimawakoka anawa ndi kuyamikiridwa, chifukwa akaika chithunzi mtima sukhala m'malo mpaka aone kuti achikonda ndi angati. Mumukumbutsenso kuti status ya WhatsApp imachoka pakatha maola 24, koma wina akaijambula amakhala nayo mpaka kalekale.

Ngati sakugona, wasiya kudya kapena akulankhula zodzipweteka, musazengereze, pitani naye kuchipatala cha boma mukaonane ndi odziwa za matenda a maganizo. Wina akamamuopseza ndi zithunzi zake, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena kanenani ku Victim Support Unit kupolisi.