Kodi ndachedwa kuyamba yoga?

Funso: Ndili ndi zaka 62 ndipo mawondo amandiwawa. Kodi yoga ndingaithe?

Yankho: Mayi, yambani ndithu. Ndaphunzitsa yoga, masewera owongola thupi ndi kupuma mwadongosolo, zaka zambiri, ndipo amene amandivutitsa si achikulire ayi, koma achinyamata ofuna kupindika ngati chingwe tsiku loyamba lomwe.

B.K.S. Iyengar, mphunzitsi wa ku Pune, India, ankadwaladwala ali mwana, koma ankachitabe yoga ali ndi zaka zoposa 90. Anamwalira mu 2014. Ndiye anatchukitsa kugwiritsa ntchito mpando, lamba ndi timatabwa pothandiza thupi louma.

Inuyo khalani pampando, wongolani msana, muzipuma pang'onopang'ono kudzera m'mphuno. Zogwada zisiyeni kaye. Bondo likabaya, lekani pomwepo, ndipo ngati latupa kaonaneni ndi dokotala musanayambe.